Nsanza titaye, koma agogo si nsanza

Ndinatsika minibasi pa Kamuzu Road ku Salima ndi kukwera kabaza kulowera cha ku Kuti. Njinga yake inali yoti ukaiona umayamba wapemphera: tcheni kulira, chishalo chomanga ndi mphira, matayala osalala ngati mutu wa dazi. Nditadandaula, mnyamata wopalasayo anaseka nati njingayo ndi nkhalamba koma sinamugwetsepo. Mau amenewa ndiwo anandipatsa nkhani ya sabata ino.

Inu a pamsika mukudziwa kuti Chichewa sichisowa mau pofotokoza chinthu chakutha. Pa kaunjika malaya akataya mtundu timati afwifwa kapena asuluka. Akang'ambika timaika chigamba, zigamba zikachuluka timati ndi nsanza. Mpeni wa wogulitsa nyama umabuntha, chimanga cha m'thumba chimafumbwa, lata limachita dzimbiri, chidendene cha nsapato chimaperepeseka. Munda wolimidwa zaka zambiri popanda manyowa timati waguga. Galimoto loyenda mochita kukankha ndi chiphapha. Chinthu chilichonse chili ndi kathedwe kake, ndipo wamalonda amene sadziwa mau amenewa amaoda katundu wakufa.

Vuto limayamba tikatenga mau a katundu n'kuwaponyera munthu. Tamvani kusiyana kwake. Tikati "agogo abwera" tapereka ulemu, pakuti tawatchula ngati anthu ambiri. Tikati "nkhalamba yabwera" tamuika munthu m'gulu limodzi ndi mbuzi, njinga ndi nsapato: yabwera, yagwa, yatha. Ena amafika ponena kuti "chinkhalamba" kapena "kankhalamba", ngati akuloza chitsa cha m'njira. Mau akuti "mdala", amene anafala ndi azibambo opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, amakoma mnyamata akamati "madala anga", koma amaluma kondakitala akamakuwa kuti mdala afulumire kutsika.

Nanga mau akuti "kutha"? Mtsikana akatha msinkhu mudzi umasangalala kuti wakula. Mtsikana yemweyo akafika zaka 70 timati watha ntchito, chonsecho ndiye akulera adzukulu amasiye, kutunga madzi ndi kupalira munda. Watha ntchito iti?

Mau oopsa kwambiri ndi "kukhwima". Nzimbe yokhwima timailimbirana. Chimanga chikakhwima timathokoza Mulungu. Koma anthu akayamba kunong'onezana kuti agogo akutiakuti ndi okhwima, dziwani kuti moyo wao uli pa chiswe, chifukwa tanthauzo lake ndi loti ali ndi mankhwala oipa. Maso ofiira chifukwa cha utsi wa nkhuni, mano oguluka, msana wopindika, kuiwalaiwala ndi kudzilankhulira wekha, zonsezi ndi zizindikiro za ukalamba, koma ife tazisandutsa umboni wa ufiti.

Izi si nthano. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Dziko lonse linagwira pakamwa, koma nkhani zotere sizinalekeke. Bungwe la MANEPO, lomenyera ufulu wa anthu achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba omenyedwa, ootcheredwa nyumba ndi ophedwa pa mlandu womwewu. Ambiri sadziwa kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Malamulo alipo, koma lamulo silifika msanga pa khonde pamene mpongozi akunong'oneza mnzake. Chikwanje chisanatuluke, lilime limakhala litapha kale.

Chodabwitsa n'chakuti ukalamba umanyozeka pokhapokha m'thumba mukakhala mopanda kanthu. Kamuzu Banda analamulira dziko lino mpaka 1994 ali wokalamba zedi, ndipo anthu ankamutcha Ngwazi, amayi akumuvinira. Peter Mutharika, wobadwa mu 1940, anapambana chisankho cha Seputembala 2025 ali ndi zaka 85, omutsatira akumuitana kuti adadi. Koma mayi wa zaka zomwezo wogulitsa timilu ta usipa ku Senga Bay, akangolakwitsa chenji, amva kuti "nkhalamba iyi yatha mutu". Imvi za wolemera ndi nzeru, imvi za wosauka ndi ufiti. Chilungamo chake chili pati?

Kuno ku nyanja anthu amadziwa kusunga zinthu zakale. Sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, yadutsa boma la atsamunda, chitaganya, chipani chimodzi ndi matipate, ndipo anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu aidalira mibadwo itatu. Bwato likabooka msodzi salitaya, amalimata ndi kubwerera nalo pa madzi. Ukonde ukang'ambika amakhala pa mchenga tsiku lonse akuusoka. Ngakhale Kuti imene, poyamba inali famu ya ng'ombe, lero ndi malo osungirako nyama zakutchire kumene alendo amalipira ndalama kuti akaone mbidzi. Ngati timatha kupezera ntchito bwato lobooka ndi famu yakale, tikulephera bwanji kupezera malo munthu amene anatibereka?

Chichewa chomwechi chili ndi mau abwino amene tikuwasiya kuti achite dzimbiri. Pali "akuluakulu", "amvulazakale", "achiyambakale", "mkhalakale". Onsewa amanena za munthu amene waona zambiri, osati amene watha. Makolo ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, komanso kuti galu wamkota sakandira pachabe. Msodzi wachinyamata ali ndi injini ndi foni, koma mwera ukamayandikira amayang'ana kaye nkhope ya mkulu amene wakhala pansi pa mtengo.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, amene ankagulitsa zitumbuwa kuti ndipeze makope a kusukulu. Tsiku lina ndili ku sekondale ndinawatchula kuti "nkhalamba" pamaso pa anzanga pofuna kuseketsa. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kupitiriza kukazinga. Anamwalira ndisanapepese, ndipo mpaka lero mau amenewa amandiwawa pakhosi.

Choncho mawa m'mawa, mayi wa ndodo akaima pa benchi panu n'kumachedwa kumasula mfundo ya pa chitenje, musamufulumizitse. Muitaneni kuti agogo, muwerengereni chenji bwinobwino, ndipo ngati malonda ayenda muikireni basera. Amene mukuseka lero, dziwani kuti imvi sizipanga matola pa munthu mmodzi. Tonse tili pa mzere womwewo.