Kanema wa Kamkwamba: Akunja anaombera m'manja, eni Cicewa anadandaula

Alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi sanaiwale cilala ca 2024 cimene cinaumitsa cimanga cisanabereke. N'cifukwa cace kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind ukutikhudza ngati nkhani ya pakhomo pathu.

Kanemayu anaturuka mu 2019, kucokera m'buku la 2009 limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer. Asimba za mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, amene analeka sukulu cifukwa cosowa ndalama pa njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo ndi dainamo ya njinga ndi zitsulo zakutha.

Kunja anauyamikira kwambiri. Unalandira mphotho pa cionetsero ca Sundance ku America, ndipo dziko la Britain linautumiza ku mpikisano wa Oscar, ngakhale sunasankhidwe.

Koma utafika pa Netflix, Amalawi ambiri anadandaula kuti Cicewa cace n'copotoka. Wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera nchitoyi nasewera ngati tate, ndi wa ku Britain. Akunja anawerenga Cingelezi colembedwa pansi pa cithunzi, pamene eni cilankhulo anaweruza ndi makutu.

Alimi adziwenso ici: m'kanema, makinawo atunga madzi othirira dimba ndi kupulumutsa mudzi. M'buku, makina oyamba anangoyatsa magetsi m'nyumba, ndipo zotunga madzi zinadza pambuyo pace. Njala sithawa tsiku limodzi.

Ife tiona kuti dandaulo la eni cilankhulo ndi lomveka. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Ejiofor tim'thokoza pojambula ku Malawi komweko ndi kumveketsa Cicewa pa dziko lonse. Komabe kalumo ka mlendo sikamametsa mutu mwini wace asanafunsidwe.

Caka ndi caka Acewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa Kulamba. Olankhula bwino Cicewa sasowa. M'mipingo ndi m'masukulu athu muli magulu a masewero. Tiwalimbikitse, kuti wojambula wina akadzabwera adzapeze ana athu ali okonzeka.