Atsibweni akati "ndili bwino", ndani awatsutse?

Pachipata cha Cassacatiza, pomwe malole opita ku Tete ndi ku Beira amandandalika kudikira mapepala, nkhani za ku Lusaka zimafika msanga kuposa za ku Maputo. Ukangodutsa geti uli pa Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo Katete ali pafupi kwambiri kuposa mzinda wa Tete. Chilankhulo n'chimodzi, maukwati ndi maliro timayenderana. N'chifukwa chake mu 2014 anthu a kuno ankaitsatira ngati ya m'nyumba mwawo nkhani ya kudwala kwa a Michael Sata, pulezidenti wa Zambia.

Chaka chimenecho a Sata ankatha milungu osaoneka pagulu. Mu Juni atapita ku Israel, boma linati apita kukapuma uku akugwira ntchito. Pa 19 Sepitembala anatsegula nyumba ya malamulo, thupi litatha, mawu akuchita kumvekera pansi, koma anaseka nawo aphungu kuti iwo sanafe ayi. Patangopita masiku ochepa analephera kulankhula pamsonkhano wa United Nations ku New York, chikhalirecho mumzindawo anali atafika. Pa 24 Okutobala Zambia inakwanitsa zaka 50 ili paufulu mwini wake ali ku London, ndipo pa 28 anamwalira m'chipatala komweko ali ndi zaka 77.

Tinawanyoza kwambiri anthu owazungulira, kuti ankabisa chinthu chimene aliyense ankachiona ndi maso. Koma zimene zinachitika ku Lusaka zimachitikanso pakhonde pathu, kungoti palibe wailesi yozilengeza.

Ine ndinazionera pa atsibweni anga, mwini mbumba yathu, munthu amene ankaweruza za malire a minda mudzi wonse uli chete. Chaka china dzanja lawo lamanzere linayamba kugwetsa kapu. Kenako ankatha kufunsa katatu tsiku limodzi ngati fodya wagulitsidwa, pomwe ndalama zake analandira okha. Tonse tinkaona, tonse tinkayang'ana kumbali. Tsiku lina ndinalimba mtima, abale ali pomwepo, n'kunena kuti, "Atsibweni, mukudwala inu, tiyeni kuchipatala." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, amayi ako ndinawakwatitsa ndine. Lero ukufuna kundiyeza mutu?" Mwezi wathunthu sanandiyankhe moni. Zimene ndinanena zinali zoona, koma ndinazinena pamalo olakwika, ndipo sindinali woyenera kuzinena.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti kukana matenda kuli pawiri, ndipo kuwiriku sikufanana n'komwe.

Pali mkulu amene akudziwa bwino kuti thupi likutha, koma akuopa zotsatira zake. Kwa munthu amene mawu ake ndiwo amatseka mlandu, kuvomera kuti akuiwala n'kupereka mpando. Akudziwa kuti akangovomera, anthu ayamba kumufunsa za chikwama cha ndalama, za njinga yamoto, za amene adzalowe m'malo mwake. Munthu wotere amabisa mwaluso. Dzanja lofooka amalisunga m'thumba, dzina likamuthawa amati "uje", nkhani ikafika pa thanzi lake amaitembenuzira ku mtengo wa feteleza. Koma usiku, kwa mkazi wake kapena kwa mnzake wa ubwana, amatha kunong'ona kuti zinthu sizili bwino.

Palinso mkulu amene sakubisa chilichonse, chifukwa iye sakuona vuto. Mu 1914 dokotala wa za ubongo wa ku Paris, Joseph Babinski, anafotokoza za odwala amene anafa ziwalo mbali yamanzere koma ankaumirira kuti ali bwinobwino, ndipo vutoli analipatsa dzina loti anosognosia. Ubongo uli ndi mbali zimene ntchito yake ndi kumuuza munthu mmene thupi lake ndi nzeru zake zilili. Mbalizo zikawonongeka, makamaka sitiroko ikagunda kumanja kwa ubongo, uthenga woti "mkono sukugwira" sufika. Zomwezi zimachitika kwa anthu ambiri odwala matenda oiwala, amene madokotala amati dementia: chiwalo chimene chikanazindikira kuiwalako ndicho chadwala. Mkulu wotere ukamusonyeza umboni amadabwa zenizeni. Ndalama zimene wabisa yekha kudenga akazisowa, amati mpongozi waba, ndipo mumtima mwake sakunama. Kukangana naye kuti avomere n'kungodzitopetsa, komanso kumupweteka pachabe.

Nanga n'chiyani chimawononga ubongowo? Kawirikawiri ndi chinthu chimene sichipweteka: kuthamanga kwa magazi, kumene tsidya la Zambia amati BP, kuno n'kumati tensão. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005 anapeza kuti anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli. Atabwereza mu 2014 ndi 2015, chiwerengero chinali chitakwera kufika pafupifupi 39 pa 100. Chowawitsa mtima n'chakuti maulendo onse awiri, mwa odwalawo, odziwa kuti ali ndi vutoli anali pafupifupi 15 okha pa 100. Choncho mkulu akamati "sindikumva kupweteka paliponse" akhoza kukhala akunena zoona. Magazi othamanga kwambiri amalimbitsa ndi kupanikiza timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo kwa zaka zambiri mwakachetechete. Kamtsempha kena kakatsekeka, kachigawo ka ubongo kamafa. Nthawi zina zimaoneka ngati chizungulire cha tsiku limodzi, lilime kulemera pang'ono, kenako n'kudzuka bwino. Timasitiroko totere tikachuluka, nzeru zimatsika ngati munthu wotsika masitepe: lero ali pano, akhala pomwepo miyezi, kenako watsikanso.

Sitiroko yaing'ono ndi chenjezo, osati mapeto a nkhani. A Levy Mwanawasa, pulezidenti wa Zambia panthawiyo, anadwala yotere mu Epulo 2006, n'kuchira, n'kupambana chisankho chaka chomwecho. Yachiwiri inawapeza ku Egypt kumapeto kwa Juni 2008, ndipo anamwalira ku Paris pa 19 Ogasiti ali ndi zaka 59 zokha. Ngati zinatero kwa munthu amene madokotala ankamuyang'anira usana ndi usiku, kuli bwanji mkulu wa kuno ku Chifunde amene sanayezetsepo chibadwire?

Matenda oiwala si a azungu okha, ngakhale dzina la mtundu wake wofala kwambiri linachokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza mu 1906. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Si ukalamba wamba. Agogo ambiri amafika zaka 90 akudziwa mwini wa mbuzi iliyonse m'mudzi. Kuiwala kumene kaika khasu n'kwa tonsefe, koma kusochera panjira ya kumunda umene walima zaka 40 ndi matenda.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene chimandinyansa. Bambo wolemekezeka akayamba kusokonezeka timamutchinga, timati watopa. Mayi wokalamba, makamaka wamasiye, akapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, osadziwa kumene ali, timati wagwa pa ndege ya ufiti. Matenda ndi amodzimodzi. Mozambique ili ndi lamulo loteteza okalamba, la nambala 3/2014, koma lamulo silifika pakhomo msanga ngati mmene amafikira anyamata onyamula zibonga. Banja limene lapita ndi agogo kuchipatala n'kuuza amfumu ndi anansi kuti ndi matenda, lawateteza kuposa limene likubisa.

Ndiye timuuza bwanji mkulu? Chodabwitsa n'chakuti mwambo umene umatitseka pakamwa ndi womwewo uli ndi njira zake. Aliyense amene anapitako ku Kulamba, ku Mkaika, kumene mafumu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, amadziwa kuti mawu opita kwa wamkulu amadzera mwa wina. Kumudzi n'chimodzimodzi. Mwana wa mlongo ngati ine sangawauze atsibweni kuti afooka. Koma mnzawo amene anavinidwa naye angathe. Mlongo wawo wamkulu angathe, ali awiri kuseri kwa nkhokwe. Ndipo koposa onse mdzukulu angathe, chifukwa mdzukulu ndi agogo ndi anthu oseleulana. Amene agogo amamutchula kuti "mkazi wanga" amaloledwa kunena mwanthabwala zimene mwana wobala atanena ungakhale mlandu wa nkhuku.

Wotumidwayo asapite ndi dzina la matenda, chifukwa si dokotala, ndipo mawu oti "mutu wasokonekera" amamveka ngati misala. Anene chimene waona, chimodzi chokha, mopanda gulu: "Dzulo kapu inakugwani kawiri, ine sindinagone nazo." Kwa mkulu wamantha uja, izi zimamutsegulira khomo loti alankhule popanda kuchita manyazi. Kwa amene ubongo sukumuuza, musalimbane n'zoti avomere. Chofunika n'chakuti afike pamene pali makina oyezera, kaya wavomera kaya sanavomere. Kupita nonse kukayezetsa, ana ndi akulu omwe, kumathandiza, chifukwa palibe amene walozedwa chala, ndipo ndi ziwerengero zija, n'kutheka kuti woperekeza nayenso apezeka nawo. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, ndipo 140/90 kapena kuposerapo, zikapezeka mobwereza, ndiye kuti mankhwala kapena kusintha kadyedwe kukufunika. Mchere umene WHO imalangiza ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa mu nsomba zouma womwe.

Udindo musawalande tsiku limodzi. Milandu aziweruzabe, wina atakhala pambali kuwakumbutsa. Ndalama aziwerenga ndi munthu amene asankha okha. Njinga yamoto yokha ndiyo yosanyengerera, chifukwa mumsewu wa malolewu ngozi yake siigwera iwo okha.

Pali nthawi imene ulemu uyenera kudikira. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mawu akayamba kutuluka ngati a woledzera, musaitanitse msonkhano wa banja kapena kudikira m'bale wa ku Tete ayankhe foni. Nyamulani munthuyo, ngakhale akukalipa, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha. N'chimodzimodzi mkulu amene dzulo anali bwino lero sakuzindikira anthu. Kusokonezeka kobwera mwa tsiku limodzi kapena awiri kawirikawiri si matenda oiwala. Kumatha kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika kwambiri, ndipo zimenezi zimachizika. Ngakhale kuiwala kwa pang'onopang'ono nthawi zina kumachokera ku kachasu, kugontha kapena chisoni cha maliro, zinthu zimene zili ndi pogwira.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Wina amayambira mankhwala pachipatala chaching'ono cha kuno, kenako ana amutengera ku St Francis ku Katete, kenako wina amutumiza ku chipatala chachikulu cha ku Tete. Kwina amalemba Chipwitikizi, kwina Chingerezi, ndipo mkulu amatha kumamwa mankhwala amodzimodzi kawiri poganiza kuti ndi osiyana. Makadi onse ndi timapaketi tonse ta mapiritsi tiziyenda m'thumba limodzi, kulikonse kumene akupita. Ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi samwera kuti uchire n'kusiya ngati a malungo. Ukasiya, magazi amakweranso, osamva kanthu.

Amene anawagonjetsa atsibweni anga ndi mdzukulu wawo wa zaka 16. Anawauza kuti iye sangakhale pabanja ndi mwamuna wogwetsa makapu, ndipo ngati sapita naye kukayezetsa akwatiwa ndi wina. Anaseka mpaka kutsokomola, m'mawa mwake n'kuvala jekete. Magazi anapezeka okwera kwambiri. Dzanja silinabwerere mwakale, ndipo za fodya uja amafunsabe. Mapiritsi amamwa m'mawa uliwonse mtsikanayo ataimirira pambali ndi madzi, koma mukawafunsa amati iwo sakudwala, akungomusangalatsa mkazi wawo wamng'onoyo kuti asawathawe.