Madzi akaphwa m'pamene nkhondo ya mpamba imayamba

Namondwe wa Freddy atalowa kumtunda cha ku Quelimane m'dziko la Mozambique pa 11 Malichi 2023, kuno ku Mulanje mvula inavumba usana ndi usiku osapumira. Mitsinje yotsika m'phiri monga Ruo ndi Thuchila inasefukira, ndipo cha ku Muloza, m'dera la Mfumu Yaikulu Njema, miyala inagubuduka kuchokera m'phiri n'kukwirira nyumba ndi minda. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Maliro tinalira. Lero ndikufuna tikambe nkhani ina imene ambiri sanaisamale, nkhani ya katundu amene madzi sanapite naye koma anangomunyowetsa n'kumusiya m'matope.

Ndakhala ndikuzungulira m'misika ya Chitakale, Nkando ndi Limbuli, kucheza ndi a geni komanso okonza mafoni ndi njinga zamoto. Chimene ndaona n'chakuti katundu wambiri wonyowa sanafe tsiku la namondwe ayi. Anafa madzi ataphwa kale, m'manja mwa eni ake. Wina anamupha ndi phuma, kuyatsa chinthu chisanaume. Wina anamupha ndi kuzengereza, kusiya belo lili chimangire sabata yathunthu akudikira dzuwa.

Musati izi zinapita ndi Freddy. Mu Malichi 1991 napolo anasesa ku Phalombe, nthawi imeneyo n'kuti Phalombe ili mbali ya boma la Mulanje lomwe lino. Mu 2019 kunabwera Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe. Madzi saiwala khwawa. Ngakhale inu a ku Limbe, Ndirande ndi Mchesi amene mumati phiri lili kutali, ngalande imodzi yotsekeka ndi zinyalala ikhoza kulowetsa madzi mu okala yanu usiku umodzi.

M'maiko olemera muli makampani amene ntchito yawo ndi yomweyi basi. Amabwera ndi mapampu, zokupizira mphepo zikuluzikulu ndi makina oyamwa chinyezi, inshuwalansi n'kulipira. Ife zida zathu ndi fosholo, ndowa ndi dzuwa. Koma lamulo limene iwo amatsata likutikhudza tonse: chinthu chonyowa chimayamba nkhungu pakangotha maola 24 mpaka 48. Ndiye kuti masiku awiri oyambawo ndiwo amagamula za mpamba wanu.

Foni: musayatse, musatchaje

Tiyambe ndi foni, poti masiku ano ndiyo ofesi ya wa geni. Foni ikamira, dzanja limathamangira kudina kuti muone ngati ikadali moyo. Kudinako ndiye kuipha. Madzi a matope amakhala ndi mchere ndi litsiro limene limadutsitsa magetsi, ndiye batire ikapereka moto, motowo umadumphira posayenera n'kuotcha tizipangizo ta mkati.

Ngati ikuyakabe, izimitseni. Ngati batire yake ndi yochotseka, ichotseni, pamodzi ndi simu ndi memore. Musaiike pa tchaja, musaiyanike pa mbaula. Batire ikaoneka yotupa, isiyeni panja, chifukwa imatha kuyaka moto.

Nanga zija zoivundikira mu mpunga? Abale, mpungawo phikani mudye. Ngakhale a kampani ya Apple analemba okha kuti anthu asamaike foni mu mpunga. Mpunga sungachotse matope amene alowa mkati. Madzi amauma, koma litsiro limatsala pa bolodi, n'kumadya timawaya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake foni ina imayaka bwinobwino kwa masabata awiri, kenako n'kufa yokha mwini wake atayamika kale Mulungu.

Za ndalama zanu za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba musataye nazo mtima. Sizikhala mu foni, zimakhala pa nambala yanu. Simu ikafa, mupite ndi chiphaso cha unzika akakupatseni ina ya nambala yomweyo.

Kabafa kotsuka ndi phokoso

Apa m'pamene pamabwera makina amene okonza mafoni amawatcha ultrasonic. Kwa amene sanawaone, ndi kabafa kachitsulo, kena kosaposa kontena ya nkhomaliro, kolumikizidwa ku magetsi. Mmisiri amathiramo madzi oyera ndi mankhwala otsukira, n'kuviikamo bolodi ya foni.

Pansi pa kabafako pali kachipangizo konjenjemera mofulumira zedi, nthawi zambiri ka 40,000 pa sekondi imodzi. Khutu la munthu limalekezera cha pa 20,000, ndiye phokoso lenilenilo simungalimve, mumangomva kusosola. Kunjenjemerako kumapanga tithovu ting'onoting'ono tosawerengeka m'madzi. Tithovuto timaphulika pomwepo, ndipo kuphulikako kumagwedeza litsiro ndi dzimbiri mpaka kunsi kwa tizipangizo kumene burashi singafike. Pakatha mphindi zochepa mmisiri amavuula bolodi, kuitsukuluza ndi spiriti wake wotchedwa isopropyl, n'kuiumitsa bwinobwino asanabwezeretse batire.

Makina amenewa si a mafoni okha. Anayamba kugwira ntchito m'mafakitale cha m'ma 1950. Okonza mawotchi, osula mphete ndi ndolo, a zipatala potsuka zitsulo za opaleshoni, ndi amakanika potsuka kabuleta ndi mainjekita, onsewa amawagwiritsa ntchito.

Koma chenjerani, si mankhwala a zonse. Amachotsa litsiro, saukitsa kachipangizo kamene kanapsa kale. Komanso foni saiponyamo yathunthu. Batire, sikirini, kamera ndi sipika zimayenera kuchotsedwa kaye. Ndiye mukapita kwa okonza, funsani: mutsegula? Mutsuka ndi chiyani? Muli nako kabafa? Amene alibe koma akutsegula n'kutsuka bolodi mosamala ndi isopropyl ndi kaburashi, ameneyo akudziwa ntchito. Amene akungoiuzira ndi dalaya ya tsitsi osatsegula, n'kukutchajani, akukudyerani masuku pamutu. Safunsa anadya phula.

Njinga yamoto, chigayo ndi makina osokera

Achimwene a kabaza, lamulo ndi lomwelo. Njinga yamoto imene inamira musaiponde kiki. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Akakhala mu silinda inu n'kuliza, pisitoni imawomba madziwo ngati yawomba mwala, ndipo chitsulo chake chimapindika. Ntchito imene ikanatha ndi oilo watsopano imasanduka yogula injini.

Chotsani pulagi kaye, muzunguze injini kuti madzi atuluke. Khuthulani oilo. Mukaona akuoneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti madzi alowa, ndipo mwina mudzasintha kawiri. Khuthulaninso petulo, sinthani sefa ya mpweya, kabuleta itsukidwe. Kabuleta ili ndi timabowo tating'ono ngati diso la singano, ndipo ntchito yotere ndiyo imene ultrasonic imaitha bwino.

Eni zigayo, mota ya magetsi imene yalowa matope siyatsidwa chifukwa kunja kwauma. Chinyezi chimabisala m'mawaya a mkati, ndipo mukangokweza switchi, utsi. Imafunika kumasulidwa, kutsukidwa ndi madzi oyera, kuumitsidwa masiku angapo, mabering'i n'kusinthidwa. Kenako wa magetsi aiyeze ndi chipangizo chotchedwa megger asanailumikize. Kudikira sabata kumawawa, koma kukulungitsa mota yopsa kumawawa kuposa.

Atelala, mdani wanu ndi dzimbiri, ndipo sachedwa. Makina osokera muwapukute tsiku lomwelo, muwatsuke ndi parafini, muwadontheze oilo wake paliponse poyenda, ndipo musapalase mchenga ukadali mkati.

Chimanga chonyowa ndi nkhani ya moyo

Apa ndiye ndikufuna tilankhulane mosapsatira, makamaka inu amene mumapikula chimanga ndi mtedza ku Limbuli ndi misika ina ya m'malire.

Chimanga chimene chagwidwa ndi madzi osefukira chagwidwa ndi zonse zimene madziwo anakokolola, za m'zimbudzi ndi m'makola zomwe. Tisaiwale kuti Freddy anatipeza tili kale pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Chimanga chotero, ufa, shuga, mchere, usipa, zonsezo n'zotaya. Madzi akatayika saoleka.

Chimanga chimene changodonthedwa ndi mvula chikhoza kupulumuka, koma mukachikhuthula m'matumba tsiku lomwelo n'kuchiyanika mopyapyala pa lona kapena pa mphasa, osati pa dothi. Chikakhala m'thumba chili chinyowere chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu saphikika. Kugaya sikumuchotsa, kuwiritsa sikumupha. Amawononga chiwindi, amayambitsa khansa, amapinimbiritsa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chotere. Ku Zambia konkuno mu 2024 agalu pafupifupi 400 anafa, boma n'kupeza poizoni yemweyu mu ufa wa m'zigayo zina. Ndiye musati ndipatsa nkhuku kapena nkhumba, nazonso zimadwala.

Chimanga chosunga chimafunika chinyezi chisapose 13 pa 100 aliyense. Mulibe makina oyezera? Tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Ndikudziwa kuti mpamba wa ambiri ndi ngongole ya banki m'khonde, ena ya katapila, ndipo Loweruka akufuna zawo. Chiyeso chosakaniza chowola ndi chabwino n'kuyeza pa ndowa chimakhala chachikulu. Koma wogulayo ndi mnansi wanu, ndipo phala lake adzamwa ndi mwana. Pa msika mbiri imathamanga kuposa minibasi. Ukayenda siya phazi, ndipo makasitomala akadziwa kuti munawagulitsa chuku, benchi yanu adzailambalala mpaka chaka chamawa.

Kaunjika ndi katundu wa mu okala

Amayi a kaunjika, belo lonyowa lidulidwe mawaya tsiku lomwelo. Mkati mwa belo simulowa mphepo, ndipo nkhungu ikadontheza mawanga akuda pa nsalu, sopo amalephera. Chapani ndi sopo, yanikani pa dzuwa, gulitsani motsitsa mtengo ndipo nenani zoona kuti zinanyowa. Nsapato zachikopa muziyanike pa mthunzi, mutaikamo mapepala mkati, chifukwa dzuwa lamphamvu limaziumitsa gwa.

Simenti imene yagwira miyala yatha ntchito, musaiphwanye n'kuigulitsa kwa womanga. Mankhwala a mutu ndi a malungo amene anyowa, tayani. Zakudya za m'zitini zosatupa ndi zosabooka zikhoza kutsukidwa kunja n'kugulitsidwa. Ndalama zamapepala musaziyanike pa moto. Zitambasuleni pa mthunzi, ndipo zong'ambika mupite nazo ku banki, poti Reserve Bank of Malawi ili ndi ndondomeko yosinthira ndalama zowonongeka.

Nyumba isakugwereni dzuwa likuwala

Nyumba zambiri kuno ndi za zidina, kapena njerwa zootcha zomangira dothi. Khoma lotere likamwa madzi limafooka kunsi, ndipo limatha kugwa mvula italeka kale. Musanalowe zungulirani kunja. Mukaona mng'alu watsopano, khoma lopendekeka kapena chitseko chimene chayamba kukana kutseka, musagonemo. Ngati muli magetsi a ESCOM, zimitsani pa switchi yaikulu mutaima pouma, ndipo masoketi amene anamira awaone wa magetsi musanayatsenso.

Matope achotseni akadali ofewa, akauma amafuna khasu. Tsukani pansi ndi makoma ndi sopo, kenako ndi madzi othira kolorini, mutavala magambutsi. Tsegulani mawindo ndi zitseko kuti mphepo idutse. Chimene musayerekeze ndi kusonkha mbaula m'nyumba yotseka kuti iume msanga inu muli momwemo. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsani tulo tosadzuka.

Musathamangire pulasitala kapena penti. Khoma limatenga masabata kuti liume mkati, ndipo mukaliphimba lisanaume penti imatupa, nkhungu n'kutulukira pamwamba. Matiresi amene amwa madzi a matope ndi ovuta kuwayeretsa mkati. Chitsime chimene chinamira chikapidwe, chithiridwe kolorini motsatira alangizi a zaumoyo, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard.

Zonsezi ndi ntchito ya madzi akalowa kale. Yotchipa ndi ya mu Okutobala, mvula isanayambe. Kwezani matumba pa mathabwa, asagone pa simenti. Katundu wodula akhale pa shelefu yapamwamba. Kabuku ka ngongole, malisiti ndi chiphaso zikhale mu jumbo yomanga bwino. Gwirizanani pa msika mukumbe ngalande, osadikira a khonsolo amene amangokumbuka tsiku la chiphaso. Ndipo mufunsiretu lero kuti ndani m'tauni mwanu ali ndi kabafa kaja, chifukwa tsiku la madzi mzere wake udzakhala wautali.