Mnyamata wa ku Wimbe ndi Manja Amene Anamunyamula

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za nkhani imene imautsa mkangano pabwalo ndi pachitsime pomwe. Munthu zinthu zikamuyendera, ena amati, "Ameneyu ndi wakhama, akudya thukuta lake." Ena amapukusa mutu nanena kuti, "Iyayi, ndi mwayi chabe." Kuti tione pamene pagona choonadi, tiyeni titsate mbiri ya mwana wa dziko lathu lomwe lino, William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1987 m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Atatsiriza sukulu ya pulaimale, imene boma linachotsapo malipiro m'chaka cha 1994, analowa sekondale ya Kachokolo, kumene kunali kolipira. Koma pa nthawi yomweyo inagwa njala yaikulu ya 2001 ndi 2002. Zokolola zinali zitachepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mtengo wake pamsika unakwera kopitirira mphamvu ya mlimi wamba. M'mwezi wa February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mabanja anadya gaga ndi mizu ya kuthengo, ndipo anthu ambiri anatsikira kumanda. Kwa a Kamkwamba kunatsala kudya kamodzi pa tsiku, ndipo ndalama za sukulu, zokwana ngati madola 80 a ku America pa chaka, zinasowa. Mnyamatayo anabwerera kumudzi ali ndi zaka 14.

Tsono taonani khama lake. Sanakhale pakhonde kulira tsoka, koma ankapita ku kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chinali kumuvuta, choncho anaphunzira poyang'anitsitsa zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu. Anatola zitsulo pamalo otayirapo makina akale, natenga fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ndi dayinamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika ngati mamita 5. Anthu pomuona akufukula dzala anamuseka nati wapenga. Koma m'chaka cha 2002 mphepo inazunguza makinawo, babu linayaka, ndipo pambuyo pake m'nyumba mwawo munawala mababu anayi ndi kulira mawailesi awiri, m'dera limene anthu ankadalira nyali ya palafini.

Ndani angakane kuti limeneli ndi khama? Komatu mverani chimene chinatsata, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Makina aja anaima pamudzipo zaka zinayi, ndipo mwini wake anali chikhalire wosaphunzira, akulima ndi bambo wake monga anyamata ena onse. Nzeru zake zinali zomwezo, manja ake anali omwewo, koma dziko silinamudziwe. Kenaka m'chaka cha 2006 anafika mlendo, Dr. Hartford Mchazime, mmodzi wa akuluakulu a bungwe limene linabweretsa mabuku aja. Atamva za mnyamatayo anapita kukaona ndi maso ake, nabweranso ndi atolankhani. Nyuzipepala ya The Daily Times inalemba nkhaniyo, nayo inafalikira pa intaneti, ndipo m'chaka cha 2007 William anaitanidwa ku msonkhano wa TED mumzinda wa Arusha ku Tanzania. Anthu amene anamumva kumeneko anasonkha ndalama zolipirira maphunziro ake. Anaphunzira ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, natsiriza ku Dartmouth College ku America m'chaka cha 2014. Mbiri yake inalembedwa m'buku m'chaka cha 2009, ndipo kanema wake anatuluka mu 2019. Akuluakulu sananame ponena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tiyeni tsono tiwerenge manja amene ananyamula mwana ameneyu. Pali anthu akutali amene anatumiza mabuku osadziwa amene adzawawerenge. Pali mphunzitsi wosunga mabukuwo, amene sanathamangitse mwana wosiya sukulu. Pali bambo amene analola njinga yake kuphwasulidwa, ndi bwenzi limene linatulutsa ndalama zake kugula dayinamo. Pali mayi amene anagawa kansima kochepa kuti ana onse afike nako ku masika. Pali mlendo amene sanaderere nkhani ya mnyamata wakumudzi. Chotsanipo dzanja limodzi lokha, ndipo mwina dzina la Kamkwamba likanathera pa malire a Wimbe. Kodi iye anasankha kukulira pafupi ndi kanyumba ka mabuku? Kodi anasankha kupulumuka pa njala imene inatenga anzake? Iyayi, zimenezi anazilandira.

Ndipo tikumbukire ana ena a chaka chomwecho, a ku Dowa, ku Mchinji, ku Salima ndi kwina, amene nawonso anabwezedwa pakhomo pa sukulu chifukwa chosowa malipiro. Mwa iwo munali anzeru ndi akhama osachepera William. Koma kwawo kunalibe mabuku, kapena mlendo sanadutseko. Atsikana ambiri anatumizidwa kumunda ndi kumtondo, ena nakwatiwa asanakhwime. Mbewu inali yabwino, koma mvula inagwa m'munda wa mnzawo.

Pa nkhani yotere pali maenje awiri amene munthu angagweremo. Loyamba ndi la wopeza bwino amene amadziguguda pachifuwa nati, "Ndinadzipanga ndekha, ndipo wosauka ndi waulesi." Woteroyo waiwala amene anam'bereka kumsana, waiwala malume amene anagulitsa mbuzi kuti iye alembe mayeso, waiwala mlongo wake amene anasiya sukulu kuti ndalama zikwanire mmodzi. Dzenje lachiwiri ndi la munthu amene amapinda manja nati, "Zonse ndi mwayi, kulimbikira n'kutaya nthawi," kapena amene amanong'oneza kuti mnzake wakhwimira chuma. Ameneyu akumbuke kuti mlendo uja atafika ku Masitala anapeza nsanja itaima kale. Akanapeza mnyamata atagona pamthunzi, atolankhani akanalemba chiyani?

Chifukwa chake munthu wanzeru amagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndipo zipatso zikadza amaweramitsa mutu nathokoza Mulungu ndi anthu amene anamuthandiza. Kuthokoza koona sikuthera pakamwa. William sanaiwale kwawo: anaika mpope woyendera mphamvu ya dzuwa umene unapatsa anthu a m'mudzi mwake madzi akumwa, ndipo kudzera m'bungwe la Moving Windmills anathandiza ntchito za sukulu ndi za chitukuko ku Wimbe. Amene analandira buku kwa anthu osawadziwa anasanduka dzanja lonyamula ena. Kupatsa n'kuika, anatero makolo athu.

Abale okondedwa, ambiri a ife sitidzaitanidwa ku Arusha, koma aliyense amene akutha kuwerenga mawu ano analandira kanthu kamene mnzake sanalandire. Mwezi uno, banja likakhala pamodzi pa chakudya cha madzulo, bambo ndi mayi atchulire ana awo mayina a anthu amene anawathandiza pa ubwana wawo, kuti anawo adziwe kuti nsima imene akudya inadzera m'manja ambiri. Ngati mphunzitsi wanu wakale akali moyo, kamuoneni, ngakhale ndi kankhuku kamodzi. Buku limene mwana wanu watsiriza lisadyedwe ndi chiswe m'bokosi, liperekeni kwa wina. Ndipo ngati pamudzi panu pali mwana wakhama amene wabwezedwa ku sukulu, musadikire mlendo wochokera kutali. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.