Fuluwenza: Masiku Awiri Oyamba

Madzulo ano tikambe za fuluwenza, nthenda imene inapha anthu ambiri m'dziko lathu lino ndi m'maiko ena m'caka ca 1918.

Fuluwenza isiyana ndi cimfine wamba. Imgwira munthu mwadzidzidzi. M'mawa ali kumunda ndi khasu lace, madzulo thupi latentha, mutu uwawa, m'thupi monse mwaphwanya, ndipo atsokomola. Cimene cibweretsa nthendayi ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, dzina lace vairasi. Kakalowa m'mphuno ndi pakhosi kaswana msanga ndithu pa masiku awiri kapena atatu oyamba.

Mankhwala ace alipo, dzina lace oseltamivir, ena ati Tamiflu, ndipo anayamba kuperekedwa m'caka ca 1999. Nchito yace ifanana ndi kulambula kuzungulira nkhokwe nthawi ya moto wolusa. Kulambula kuletsa moto kupitirira, koma sikubweza udzu umene wapsa kale. Momwemonso mankhwalawa aletsa tizirombo tatsopano kufalikira m'thupi. Cifukwa cace athandiza koposa munthu akayamba kumwa pasanathe maora 48, ndiwo masiku awiri, ciyambire kudwala. Amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 5.

Kwa munthu wamphamvu mankhwalawa afupikitsa nthenda ndi tsiku limodzi cabe. Amene tiwadera nkhawa ndi amai apakati, ana osakwana zaka 5, okalamba opitirira zaka 65, ndi odwala cifuwa cacikuru, mphumu, shuga, mtima kapena HIV. Kwa iwowa fuluwenza isanduka cibayo mosabvuta, ndipo cibayo cipha. Otere apite kucipatala tsiku lomwelo. Ngakhale masiku awiri atapita musagwe mphwayi, pakuti wodwala kwambiri adokotala ampatsabe mankhwalawa.

Musataye nthawi ndi makapisozi a kumsika, pakuti penisilini ndi anzace sapha vairasi. Kumbukiraninso kuti kutentha thupi kungakhale malungo, ndipo kuyeza magazi ndiko kusiyanitsa.

Tsono inu mafumu, uzani anthu anu pabwalo kuti asadikire tsiku la msika kapena kutha kwa kukolola. Pamudzi pakhale njinga kapena ngolo yodziwika yonyamulira wodwala. Womperekeza akumbukire tsiku ndi nthawi imene nthenda inayamba, pakuti adokotala adzafunsa zimenezo. Inu alimi mudziwa kuti m'mera mpoyamba.

Tsalani bwino nonse.