BOWA WA PAMITENGO: MAINA, MALO NDI KAZINDIKIRIDWE KAKE

Mau Oyamba

Liu lakuti "bowa" ndi lakale m'zinenero za Cibantu: Abemba amati ubowa, Ashona amati howa, ndipo Aswahili amati uyoga. Brian Morris, amene analemba buku la bowa wa ku Malawi m'caka ca 1987, anaonetsa kuti olankhula Cinyanja amasunga liuli makamaka pa mitundu yodyedwa, ndipo yosadyedwa amaicha cirombo. Motero kuchula cinthu kuti bowa ndi kupereka kale cigamulo cakuti cikhoza kulowa mumphika. Nkhani ino ifotokoza bowa womera pamitengo, ndi kuonetsa kuti cigamulo cimeneci ciyenera kutsamira pa malo ndi maonekedwe, pakuti dzina palokha silikwanira.

Malo Atatu

Wofula bowa amayamba ndi funso lakuti: wamera pati? Mayankho ake ndi atatu. Pali bowa wa paculu, monga utale ndi icikolowa ca Abemba, cimene David Pegler ndi Graham Piearce anacicha Termitomyces titanicus m'caka ca 1980. Bowa ameneyu amalimidwa ndi ciswe. Pali bowa wa pansi pa mtengo, monga ndelema, amene Abemba amati tente ndipo asayansi amati Amanita zambiana. Ulusi wake umalukana ndi mizu ya mitengo yamoyo monga mombo ndi mtondo, ndi kusinthana nayo cakudya. Pali bowa wa pamtengo peni peni, womera pazitsa, pazipika ndi panthambi zakugwa, amene cakudya cake ndi mtengo woola. Mau akuti "pa" ndi "pansi pa" akusiyanitsa makhalidwe awiri amene asayansi nawonso amawasiyanitsa.

Mitundu Inai Yodyedwa ya Pamtengo

Woyamba ndi Schizophyllum commune, amene Abemba amati busepa. Ndi wamng'ono, wosapitirira masentimita 4, wooneka ngati cikupiziro, wotuwa ndi waubweya pamwamba. Cizindikiro cake cosasokoneza ciri kunsi: kamzere kali konse ndi kong'ambika pakati m'litali mwake. Dzuwa likawala amafota ndi kupindika, mvula ikagwa amatambasukanso. Popeza ndi wolimba, amafuna kuwira nthawi yaitali, ndipo cidulo cimamfewetsa asanatendere.

Waciwiri ndi Auricularia, wooneka ngati khutu, wofiirira, wofewa ngati mphira. Alibe timizere kunsi. Akauma amalimba, akanyowetsedwa amabwerera mwakale.

Wacitatu ndi Pleurotus, amene tsopano alimi ena amabzala m'matumba. Amamera mounjikana, phesi lake ndi lalifupi ndiponso la pambali, ndipo timizere take toyera timatsetsereka mpaka paphesi.

Wacinai ndi Lentinus, woloweka pakati ngati fanulo, wokhala ndi timamba pamwamba. Amadyedwa ali wanthete, pakuti akakhwima amasanduka ngati cikopa.

Pambali pa mitundu iyi pali Ganoderma ndi anzake, olimba ngati thabwa, okhala ndi timabowo kunsi. Amenewa si ndiwo.

Kumene Kuli Ngozi

Ena amakhulupirira kuti bowa ali yense wa pamtengo alibe ululu. Izi si zoona. Mitundu ina ya Galerina, yaing'ono, yofiirira, yomera pazipika zoola, iri ndi ululu womwe uja wa Amanita phalloides, wakupha poononga ciwindi. Ululu umenewu sutha ndi kuphika, kufutsa kapena kuumitsa. Ndiponso umazengereza: kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba patapita maola 6 mpaka 24, kenaka wodwala amaoneka ngati wacira pamene ciwindi cikuonongeka. Wodwala atadya bowa apite naye kucipatala msanga, pamodzi ndi wotsala wake. Kuona kuti nkhono kapena tizirombo tadyako si umboni, cifukwa matupi awo ndi osiyana ndi athu.

Njira yothandiza ndi iyi: dulani cisoti, cibvundikireni papepala usiku wonse, ndipo m'mawa muone fumbi la njere zake. La Pleurotus ndi Lentinus ndi loyera kapena lotumbuluka. La Galerina ndi lofiirira ngati dzimbiri. Koma fumbi loyera palokha silitsimikiza kanthu, pakuti la Amanita phalloides ndi loyeranso. Zizindikiro zonse, malo, maumbidwe, timizere ndi fumbi, ziyenera kubvomerezana.

Dzina nalo lingasoceretse. Dzina limodzi limaimira mitundu ingapo yofanana, ndipo mtundu umodzi umakhala ndi maina osiyana kucokera ku Chipata kufika ku Petauke. Munthu wosamukira ku Lusaka kapena ku Copperbelt amanyamula dzina, koma thengo limene dzinalo linabadwira amalisiya kwao. Ncifukwa cake amai akumudzi amaphunzitsa ana ali kuthengo komweko, bowa ali m'manja.

Kafulidwe

Nyengo yake ndi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Fulani wanthete ndi kusiya wokhwima kuti amwaze njere. Cipika cisiyeni pomwe ciri, pakuti thupi leni leni la bowa liri m'kati mwake ndipo lidzaberekanso. Mtundu uli wonse ukhale padera m'dengu, ndipo wokayikitsa atayidwe.

Mau Omaliza

Kuocha makala kumasiya zitsa zambiri, motero bowa wa pamtengo amapezekabe kwa kanthawi pamene ndelema, wodalira mitengo yamoyo, akusowa. Anthu ambiri adzatembenukira ku zitsa, ena a iwo osaphunzitsidwa. Nchito ya ife a zinenero ndi kulemba maina amenewa boma ndi boma, dzina liri lonse pamodzi ndi mtengo umene bowayo amamerapo, maonekedwe ake ndi kaphikidwe kake, akulu odziwa akali ndi moyo.