Paul Ngozi: Gitala Laukali, Mawu a Chinyanja

Achinyamata ambiri a pa Chitakale ku Mulanje akamva nyimbo za metal amati ndi phokoso la Azungu, poganizira magulu a ku America monga Metallica, lomwe lidayamba ku Los Angeles mu 1981. Komatu gululi lisanabadwe, ku Lusaka kudali kale katswiri woimba nyimbo zoyandikana nazo m'Chinyanja.

Katswiriyu ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, yemwe adabadwa mu 1949. Atachoka m'gulu la Musi-O-Tunya, adayambitsa la Ngozi Family. Chamba chawo chinkatchedwa Zamrock: gitala lolira mosasa ngati la Jimi Hendrix kapena Black Sabbath, losakaniza ndi kamvekedwe ka ng'oma za kwawo. Mu 1976 adatulutsa chimbale cha Day of Judgement, ndipo mu 1977 cha 45,000 Volts.

Chofunika kwa ife ophunzira zilankhulo ndi chakuti Ngozi sadaimbe m'Chingerezi chokha. Mutu wa nyimbo yake ya "Nizakupanga Ngozi" uli m'Chinyanja cha m'tauni, momwe "ndidza-" wathu amasanduka "niza-".

Zamrock idazilala chuma cha Zambia chitalowa pansi kaamba ka kutsika mtengo kwa kopa, ndipo Ngozi adamwalira mu 1989. Koma mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adaika chigawo cha nyimbo ija mu yake ya "Noid". Choncho wonena kuti chilankhulo chathu sichingasenze nyimbo zaukali ayambe wamvera Ngozi.